Nyimbo ya Mwana wa Mariya: Kumene Idachokera ndi M'mene Idafikira ku Chileka ndi ku Lirangwe

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, mvula itakhazikika ndipo anthu ali pa kalikiliki wopalira chimanga, pamakhala nyimbo imodzi imene munthu sangathe kuithaŵa. Imamveka pa wailesi m'maŵa, imamveka m'magolosale a pa Lirangwe, m'minibasi zochokera mu Blantyre kupita ku Chileka, ndiponso madzulo ku nyumba ya mnansi. Ana amene sanayambe nkomwe kuphunzira Chingerezi amaiimba mpaka kumapeto, kwinaku akupotoza mau monga m'mene lilime lao lafunira. Dzina lake ndi "Mary's Boy Child", kutanthauza mwana wamwamuna wa Mariya.

Mukafunsa kuti mwini wake wa nyimboyi ndani, yankho limatengera msinkhu wa woyankhayo. Achinyamata ndi anthu a zaka zapakati amati ndi ya Boney M. Agogo amene adavinapo gumbagumba, makamaka amene adagwirapo ntchito ku migodi, amaumirira kuti ndi ya Jim Reeves, ndipo mkangano wake ungathe kufika dzuŵa kuloŵa. Mbali zonse ziŵiri sizikunama kwenikweni, pakuti onsewo adaijambuladi. Komabe amene adaipeka ndi Jester Hairston, mdzukulu wa akapolo, ndipo amene adayamba kuifalitsa pa dziko lonse ndi Harry Belafonte. Maina aŵiriŵa samveka kaŵirikaŵiri kuno, ndipo pali zifukwa zake.

Jester Hairston adabadwa mu 1901 ku Belews Creek, m'chigawo cha North Carolina ku America. Agogo ake adali akapolo pa minda ya azungu a banja la Hairston, ndipo dzinali lidachokera komweko, pakuti akapolo ambiri ankatchedwa ndi dzina la mbuye wao, monga m'mene munthu amaikira chizindikiro pa ng'ombe zake. Mnyamatayo adakulira ku Homestead, pafupi ndi mzinda wa Pittsburgh, kumene kudali mafakitale osungunula zitsulo. Adaphunzira movutikira chifukwa cha kusoŵa ndalama, koma adatsiriza maphunziro ake pa yunivesite ya Tufts mu 1929, nakaphunziranso zoimbaimba pa sukulu ya Juilliard ku New York. Mu 1936 adapita ku Hollywood pamodzi ndi kwaya ya Hall Johnson, ndipo adakhazikika kumeneko.

Ntchito imene idali pamtima pake idali yosonkhanitsa, kukonza ndi kuphunzitsa nyimbo zauzimu zimene akapolo ankaimba m'minda ya thonje, kuti zisafe pamodzi ndi nkhalamba zimene zinkazidziŵa. Ntchito yotere siidyetsa munthu, choncho ankaseŵeranso m'mafilimu. Masiku amenewo munthu wakuda ankangopatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba, kapena ya munthu wa m'nkhalango m'mafilimu a Tarzan, ndipo Hairston, munthu wophunzira chotero, adaseŵera mbali zimenezo kwa zaka zambiri.

Chiyambi cha nyimbo ya Mwana wa Mariya n'chodabwitsa, ndipo mwina ena amene amaiimba m'tchalitchi angachite nacho manyazi pang'ono. Malinga ndi kufotokoza kwa mwini wakeyo, bwenzi lake lina lidampempha kuti apeke nyimbo yoti iimbidwe pa phwando lokumbukira tsiku lobadwa. Popeza ambiri oitanidwa adali ochokera ku zilumba za Caribbean, iye adaipeka m'kaimbidwe ka kwao kotchedwa calypso. Mau ake sankanena za Betelehemu konse. Ankanena za zakudya za pa phwando: chakumwa cha koko ndi mkate wina wa ufa wa chimanga, umene kuno ungafanane ndi chigumu kapena chikondamoyo. Phwando litatha nyimboyo idaiŵalika, osajambulidwa. Patapita nthaŵi, Walter Schumann, amene ankatsogolera kwaya ina yotchuka ku Hollywood, adapempha Hairston kuti ampekere nyimbo yatsopano ya Khirisimasi. Hairston adakumbukira kanyimbo ka chigumu kaja, nachotsa mau ake akale, naikapo nkhani ya kubadwa kwa Yesu monga m'mene Luka adailembera. Chotero nyimbo imene lero imaliritsa azimayi a mvano idabadwira pa phwando.

Calypso ndi kaimbidwe kamene kadakulira pa chilumba cha Trinidad pakati pa zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa. Anthu amene adaletsedwa kuyankhula momasuka pamaso pa mbuye wao adaphunzira kunena za kukhosi kudzera m'nyimbo: kudandaula, kunyoza mophiphiritsa, kufalitsa nkhani za m'mudzi. Mayi aliyense amene adaimbapo nyimbo ya pamtondo yodzudzula apongozi ake popanda kuŵatchula dzina akudziŵa bwino luso limeneli. Pano mpofunika kusamala, chifukwa ena amafulumira kunena kuti oimba calypso ndi abale enieni a anthu a kuno. Akapolo ambiri a ku Caribbean adatengedwa ku maiko a kuzambwe kwa Africa, pamene ogwidwa m'dera la nyanja ya Malaŵi ndi mtsinje wa Shire ankapita nao makamaka ku Kilwa, ku Zanzibar ndi ku Quelimane. Ubale ulipo ngwa kaimbidwe: wina kutsogolera ena nkumavomera, mau kuyenda ngati munthu akusimba nthano, ndi kugunda kumene kumachititsa phazi kuyamba kusuntha mwini wake asanaganize zovina.

Kwaya ya Schumann itaimba nyimboyi, Harry Belafonte adaimva, ndipo adapempha chilolezo choti aijambule. Belafonte adabadwa pa 1 Malichi 1927 ku Harlem, dera la anthu akuda mu mzinda wa New York. Mai ake, amene adali wochokera ku Jamaica, ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu, ndipo umphaŵi utakula adamtumiza mwanayo kwa agogo ake ku Jamaica, kumene adakhala kuyambira 1932 mpaka 1940. Kumeneko adamva nyimbo za onyamula nthochi pa doko ndi za amayi a pa msika. Atabwerera ku America adaloŵa usilikali wa pamadzi pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndipo nkhondo itatha adapeza ntchito yosesa ndi kukonza zowonongeka m'nyumba zogonamo anthu. Tsiku lina munthu wina wokhala m'nyumbamo adampatsa matikiti a seŵero ngati chithokozo. Seŵero limenelo, la gulu la American Negro Theater, lidatembenuza moyo wake. Adayamba kuphunzira zisudzo, ndipo kuimba adakuyamba pofuna kupeza ndalama zolipirira maphunzirowo.

Chaka cha 1956 ndicho chidamuika pamwamba. Chimbale chake chotchedwa "Calypso" chidagulidwa koposa miliyoni imodzi, chinthu chimene chidali chisanachitikepo ndi chimbale chachikulu cha woimba mmodzi. M'chaka chomwecho adajambula nyimbo ya Hairston. Amene adaimvapo m'mene iye adaiimbira akudziŵa kuti njosiyana ndi imene imagunda m'magolosale lero. Amaiimba pang'onopang'ono, motsitsa mau, ngati munthu amene akusimbira ana nkhani usiku ndipo sakufuna kudzutsa khanda. Ku Britain nyimboyi idakwera pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri mu Novembala 1957, nikhala pamenepo masabata asanu ndi aŵiri, kudutsa Khirisimasi yonse, ndipo mbale zake zidagulidwa zoposa miliyoni imodzi m'dziko lokhalo.

Ndalama ndi kutchuka zimene adapeza, Belafonte adazigwiritsa ntchito mwa njira imene idamdanitsa ndi ambiri. Adali bwenzi la pamtima la Martin Luther King, ndipo mu 1963, King atatsekeredwa m'ndende ku Birmingham, Belafonte adasonkhanitsa ndalama zotulutsira iye ndi ena ambiri. Adathandizanso kukonza ulendo waukulu wa ku Washington m'chaka chomwecho. Tsankho limene ankalimbana nalo lidali la tsiku ndi tsiku: mu 1968 woimba wachizungu Petula Clark adangomgwira pa mkono akuimba limodzi pa wailesi ya kanema, ndipo mkulu wina wa kampani imene inkalipirira pulogalamuyo adafuna kuti mbali imeneyo ichotsedwe. Ku mbali ya Africa, Belafonte adathandiza ophunzira a ku Kenya kupita ku masukulu a ku America ufulu usanabwere. Mu 1959 adakumana ndi Miriam Makeba ku London, namthandiza kukhazikika ku America. Chimbale chimene aŵiriŵa adajambula mu 1965, chodzaza ndi nyimbo za ku Africa zodandaula za tsankho, chidapata mphotho ya Grammy. Makeba adali atalandidwa chiphaso choyendera mu 1960, ndipo atayankhula ku bungwe la United Nations mu 1963 nyimbo zake zidaletsedwa ku South Africa.

Mfundo yotsirizayi njofunika kuigwira, chifukwa nyimbo zakunja zambiri zinkafika ku Chileka ndi ku Lirangwe kudzera ku South Africa ndi ku Rhodesia. Zinkafika m'njira ziŵiri. Yoyamba idali wailesi. Mu 1949 kudatuluka kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kankaoneka ngati sefuliya, ndipo nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, kuphatikizapo pulogalamu yopatsana moni ndi kupempha nyimbo yotchedwa Zimene Mwatifunsa. Mu 1964 dziko lino lidakhala ndi wailesi yakeyake ya MBC, imene idaimika ina mwa milongoti yake pa Ngumbe, m'mbali mwa njira ya ku Chileka. Wailesi za Nzeru, zolumikizidwa mu Blantyre momwemo, zidaloŵa m'midzi. Kwa zaka zoposa makumi atatu panalibe wailesi ina ya m'dziko muno yopikisana nayo, choncho nyimbo imene muulutsi wasankha m'maŵa wa Khirisimasi inkamvedwa nthaŵi imodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Njira yachiŵiri idali ya anthu oyenda. Lirangwe ali pa njanji ndiponso pa mseu waukulu wopita ku Zalewa, kumene njira imagaŵikana, ina kulinga ku Mwanza ndi ku Tete, ina kulinga kumpoto. Chileka ndiye adali khomo la ndege la dziko lino kufikira pamene bwalo la ku Lilongwe lidatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndege za Wenela zonyamula anthu opita ku migodi zinkanyamukira ndi kutera pomwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000. Munthu akatsiriza kontirakiti ankabwera ndi bokosi lachitsulo, bulangete, jekete, njinga, ndipo amene zamuyendera ankabwera ndi wailesi kapena gumbagumba pamodzi ndi mbale zake. Gumbagumba imodzi inkakwanira mudzi wonse. Pa Khirisimasi mwini wake ankaitulutsa pabwalo, mabatire atayanikidwa pa dzuŵa dzulo lake kuti aonjezereko mphamvu, ana akuthamanga khomo ndi khomo kupempha Khirisimasi bokosi, mpunga ndi nkhuku zili pamoto.

M'masitolo a ku Johannesburg m'mene mbale zimenezi zinkagulidwa, dzina lalikulu lidali la Jim Reeves. Iyeyu adali mzungu wa ku Texas, wobadwa mu 1923, woimba nyimbo za country ndi mau okuya, osalala ngati mafuta. Ku South Africa ankakondedwa kwambiri, mwina kuposa kwao. Adakaimbako mu 1962, nabwereranso mu 1963 kukajambula filimu yotchedwa "Kimberley Jim", ndipo adajambulanso nyimbo m'chiyankhulo cha Afrikaans. Mu 1963 momwemo adatulutsa chimbale cha nyimbo khumi ndi ziŵiri za Khirisimasi, "Twelve Songs of Christmas", ndipo imodzi mwa izo idali ya Hairston ija, pansi pa dzina lakuti "Mary's Little Boy Child". Pa 31 Julaye 1964, patangopita masiku 25 Malaŵi atalandira ufulu, ndege yaing'ono imene Reeves ankayendetsa yekha idagwa pa mvula ya mkuntho pafupi ndi Nashville, ndipo iye adafera pomwepo. Imfa yakeyo idangokuza chikondi cha anthu pa iye, ndipo mbale zake zidapitirira kutuluka kwa zaka zambiri.

Apa ndiye pagona chifukwa chimene agogo a ku Lirangwe amanenera kuti nyimboyi ndi ya Jim Reeves. Woimba amene ankalandiridwa ndi manja aŵiri m'dziko la tsankho ndiye amene mbale zake zinkadzaza m'masitolo a dzikolo, pamene bwenzi la Makeba ndi King silikadakhala mlendo wokondweretsa boma la ku Pretoria. Chotero nyimbo yopekedwa ndi mdzukulu wa akapolo, m'kaimbidwe ka zidzukulu za akapolo, idafika m'midzi yambiri ya kuno pa lilime la mzungu wa ku Texas, itanyamulidwa m'bokosi la munthu wakuda wochokera pansi pa mgodi. Reeves salakwa pa zimenezi. Adaiimba bwino, mau ake amamveka limodzilimodzi kotero kuti ngakhale wa Sitandade 4 ankatolapo kanthu, ndipo anthu amene adampatsa malo m'mitima mwao sadalakwitse. Kungoti m'njiramo dzina la mwini nyimbo lidatayika.

Njira ya ku migodi ija idali ndi misozi yake, ndipo Khirisimasi ndiyo inkaionetsa poyera. Pa khomo lina pali gumbagumba ndi zovala zatsopano, pa khomo loyandikana nalo mai akuyang'ana ku mseu chaka chachisanu, mwamuna adasanduka mtchona. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene idanyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana kubwera ku Chileka idagwa itangonyamuka, ndipo anthu oposa 70 adafa, ambiri mwa iwo Amalaŵi amene ankabwerera kwao atatsiriza ntchito. Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu a ku migodi nthaŵi yomweyo. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, koma siidafikenso pa chiŵerengero chakale, ndipo idatheratu mu 1988. Kwa mabanja ambiri, mbale za Jim Reeves zimene zidatsala m'nyumba zidasanduka chikumbutso cha amene adazibweretsa. N'chifukwa chake nkhalamba zina zimati zii nyimboyi ikayamba, pamene adzukulu akudumpha.

Chileka adadziŵa kale kulandira nyimbo yachilendo ndi kuilera ngati mwana wa pakhomo. M'mudzi wa Singano, kwa Mfumu Yaikulu Kuntaja, ndimo mudachokera Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Banja lao lidakhalapo ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, ndipo anyamatawo adamva kumeneko kwela, kaimbidwe ka zitoliro ka anyamata a m'makomboni a ku Johannesburg. Atabwerera kuno mu 1961 adayamba kuimba ndi gitala, chitoliro, chisekese ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nao mu Blantyre mu 1967, ndipo mu 1972 adali atayamba kale kukaimba kunja mpaka ku Ulaya. Kwela atazilala ku South Africa komwe adabadwira, adapitirira kukhala ndi moyo ku Singano. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Pambuyo pake dera lomwelo lidalandiranso kaimbidwe kena ka ku Caribbean, ka reggae ya ku Jamaica, kudzera mwa Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Makutu oleredwa chotere sakadavutika kulandira calypso, ngakhale itabwera itavala jekete la ku Texas.

Kenaka kudabwera Boney M. Gululi lidapangidwa ku West Germany ndi mzungu wina wojambula nyimbo, Frank Farian. Anthu anai amene ankaoneka pa zikuto za mbale onse adali ochokera ku Caribbean: Liz Mitchell ndi Marcia Barrett a ku Jamaica, Maizie Williams wa ku Montserrat ndi Bobby Farrell wa ku Aruba. Chakumapeto kwa 1978 Farian adatenga nyimbo ya Hairston, naifulumizitsa kuti igwirizane ndi magule a disiko a masiku amenewo, naonjezapo chigawo chatsopano kumapeto chotchedwa "Oh My Lord". Liz Mitchell ndiye adatsogolera. Ku Britain idakhalanso pamwamba pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, patapita zaka 21 chichitireni zomwezo Belafonte, ndipo mbale zake zidagulidwa zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Mu 1981 gululi lidatulutsa chimbale chathunthu cha Khirisimasi. Nthaŵi imeneyo nkuti makaseti akuloŵa m'malo mwa mbale, ndipo kaseti, mosiyana ndi mbale, munthu ankatha kuijambulira mnzake. Kaseti imodzi yogulidwa mu Limbe inkabereka ana ndi zidzukulu mpaka ku Lirangwe, dzina la oimba litalembedwa ndi bolopeni, la wopeka palibe.

Pa gululi palinso nkhani ina ya maina. Mau aamuna amene amamveka m'nyimbo zotchuka za Boney M sadali a Bobby Farrell, mnyamata wovina modzithyola uja. Adali a Farian mwini wake, amene ankaimba m'chipinda chojambuliramo nkusiya Farrell kuti azikayendetsa milomo ndi kuvina pamaso pa anthu. Maizie Williams nayenso mau ake sankamveka m'mbalezo. Farian adadzachitanso zomwezo ndi gulu la Milli Vanilli, ndipo chinyengocho chitaululika mu 1990 gululo lidalandidwa mphotho ya Grammy. Kuno zonsezi sizidavute munthu, pakuti wailesi ya kanema idayamba mu 1999, ndipo kufikira pamenepo Boney M adali mau chabe otuluka m'bokosi. Ubwino wake ngwakuti mau amene amanyamula nyimbo ya Mwana wa Mariya ndi a Liz Mitchell enieni, mwana wa ku Jamaica, kotero kuti nyimboyo idabwerera pa lilime la ku zilumba kumene kaimbidwe kake kadachokera.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo imeneyi idamera mizu chotere, pamene zinzake za pa zimbale zomwezo zimangomveka nkupita? Kugunda kwake ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu chili m'nkhani yake. Nyimbo zambiri za Khirisimasi za ku Ulaya ndi ku America zimanena za chipale chozizira chogwa ngati ufa, za ngolo zotsetsereka pa chipalecho, za moto wa m'nyumba ndi mitengo ya paini yokongoletsedwa. Munthu wa ku Chileka amazimva thukuta lili kamukamu, khasu lili pa phewa, ndipo zimakhala ngati akumuuza maloto a munthu wina. Nyimbo ya Hairston ilibe zonsezo. Imasimba za mwamuna ndi mkazi wake wodwala pakati amene ali pa ulendo, asoŵa pogona, ndipo mwana abadwira m'khola. Imasimba za abusa ogonera kubusa ndi uthenga umene udaŵafikira usiku. Palibe chachilendo m'menemo kwa munthu wa ku Lirangwe. Khola akulidziŵa ndi fungo lake lomwe. Ubusa adauchita ali mwana. Mai wochirira pa njira asanafike ku chipatala ndi nkhani imene mudzi uliwonse ungasimbe ndi kutchula dzina la mwanayo. Ngakhale Chingerezi chake n'cha anthu wamba a ku zilumba, chosatsata malamulo onse a m'buku, ndipo nkutheka kuti chimenechi chidathandiza kuti anthu asachiope.

Pali ena, makamaka akuluakulu a mipingo, amene amadandaula kuti nyimbo yonena za Mpulumutsi imagundidwa m'malo omwera moŵa, anthu nkumavina ataledzera. Dandaulo lao lili ndi pake. Komabe amene wamva za phwando la chigumu lija angaone kuti nyimboyi idayamba kale kuyenda ndi mwendo umodzi m'bwalo la magule, wina m'nyumba ya mapemphero, ndipo makwaya a m'midzi amene amaiimba m'Chicheŵa ndi ng'oma ndi visekese sakuichotsera ulemu uliwonse.

Dandaulo limene lili ndi mphamvu kuposa pamenepa ndi la dzina ndi malipiro a wopeka, ndipo limakhudza oimba a kuno kwambiri kuposa Hairston. Iyeyu adali m'dziko limene lamulo linkateteza wopeka nyimbo, kotero kuti aliyense woijambula ankayenera kulemba dzina lake ndi kumlipira. Adakhala ndi moyo wautali, nayendera maiko ambiri, a mu Africa omwe, kuphunzitsa makwaya nyimbo za makolo ake, ndipo adamwalira ku Los Angeles mu Januwale 2000 ali ndi zaka 98. Kuno lamulo la umwini wa nyimbo ndi zolembalemba lidakonzedwanso mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi lidayamba ntchito mu 1992. Daniel Kachamba adali atagona kale m'manda zaka zisanu. Oimba ambiri a m'badwo wake adasangalatsa dziko lonse pa wailesi, nyimbo zao zikuimbidwabe pa maukwati ndi m'mabwalo, zina zikujambulidwanso ndi achinyamata amene amazitcha nyimbo za makolo ngati kuti zidagwa ndi mvula, chikhalirecho adazipeka ndi munthu amene ana ake alipo ndipo mudzi wake ukudziŵika.

Belafonte adapitiriza ntchito zake mpaka ukalamba. Ndiye adayambitsa ganizo la nyimbo ya "We Are the World" mu 1985, yosonkhanitsira thandizo la anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia, ndipo mu 1987 adasankhidwa kukhala kazembe wa bungwe la UNICEF. Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, Belafonte adali mmodzi wa okonza ulendo wake wa ku America. Adamwalira ku New York pa 25 Epulo 2023 ali ndi zaka 96. Bobby Farrell adamwalira mu Disembala 2010, Frank Farian mu Januwale 2024.

M'nyumba zina za ku Chileka ndi ku Lirangwe mbale zakale zija zikadalipo, pansi pa bokosi lachitsulo, ngakhale gumbagumba yake idafa kalekale. Amene ali nazo angazitulutse, apukute fumbi, ayang'ane pa kapepala kozungulira kamene kali pakati pa mbaleyo. Dzina la woimba lidalembedwa ndi malemba akuluakulu. Pafupi ndi dzina la nyimboyo pali timalemba tina ting'onoting'ono, toti ena mpaka atafuna magalasi kapena kuitana mdzukulu kuti aŵaŵerengere, ndipo pamenepo mpamene pali dzina la Hairston.